Dzuwa la Bambo Zakale

Telala wa pakona uja asanaponde makina ake, ankayamba wapotokola kaye wailesi kuchoka kuno mpaka uko, mapini ali kukamwa, nkhope atakwinya ngati munthu wosankha miyala mumpunga. Ndipo tsiku lililonse ankapeza zomwezo.

Theka la mawailesi a mumzindamo linali la maulaliki ndi makwaya, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Ambiri mwa otsalawo anali a achinyamata, ng'oma ya makina ikungogunda du du du ngati mutu wa malungo. Yotsala inali ya mpira ndi anthu okangana pafoni.

"Wofuna kupemphera malo ake alipo, wofuna kuvina malo ake alipo," ankawauza makasitomala. "Nanga wongofuna kukhala pansi n'kupuma apite kuti?"

Panali pulogalamu imodzi yokha imene ankaimitsira dzanja. Inkabwera masana alionse, ya nyimbo zakale za gitala, zoyenda pang'onopang'ono, zoti mawu ake munthu n'kuwamva onse. Woulutsa wake anthu ankangomutchula kuti Bambo Zakale.

Tsiku lina mushopumo munalowa mwamuna wamtali, atanyamula jekete yong'ambika m'khwapa. Atangoti odi, telala anachotsa mapini kukamwa.

"Mawu amenewo ndimawadziwa," anatero. "Koma ndinkayesa mwini wake ndi munthu wonenepa."

"Wailesi imanenepetsa mawu okha, mayi. Thupi ndi thumba zimatsalira."

Anabweranso sabata yotsatira ndi buluku lopanda vuto lililonse. Kenako anabwera ndi malaya amene batani lake, telala anaona bwinobwino, anachita kulidula ndi lumo. Sanamufunse. Analisokerera, n'kumuuza kuti ulendo wina angobwera chimanjamanja, asamalize zovala.

Mawa lake masana, makina ali pakati pa msoko, wailesi inati: "Nyimbo iyi ipite kwa kasingano kanga ka pakona, kamene kandisoka pamene panang'ambika kalekale."

Telala anakhotetsa msoko wa diresi ya mwini. Ndani sakanaukhotetsa? Mkazi wa zaka zake, amene anali atasiya kale kudikira zoterezi, kutchulidwa mzinda wonse ukumva!

Mauthenga pafoni anayamba kugwa ngati masamba. "Wadzuka bwanji, kasingano?" "Ndikamalankhula mu situdiyo ndimaona nkhope yako yokha." Mkulu wake wa telala, amene ankagulitsa nsalu pakhomo loyandikana, anawerenga awiri n'kubweza foni.

"Mng'ono wanga, mwamuna amene ntchito yake ndi pakamwa, pakamwapo sipaweruka."

Telala anangoseka. Anati achemwali akewo ali ndi nsanje chifukwa alamu salankhula pokhapokha akafuna madzi osamba.

Kenako zinthu zinayamba kufota. Eni wailesi anati otsatsa malonda akufuna achinyamata, ndipo achinyamata safuna nyimbo zogonetsa tulo. Pulogalamu ija anaidula, n'kuidulanso, mpaka inatsala Lamlungu masana basi. M'malo mwake munalowa ng'oma ija. Tsopano telala ankapotokola wailesi mkati mwa sabata osapeza poima, n'kumasoka mwakachetechete.

Bambo Zakale nyumba yalendi inamukanika, ndipo anasamukira m'kachipinda ka kuseri kwa shopu. Madzulo ankakhala pamphepete pa bedi, atagwira dzanja la telala, n'kumalumbira.

"Ine kuimba zogundagunda zija? Bola ndikagulitse makala. Ndatsala ndi zinthu ziwiri padziko pano, nyimbo zanga ndi iwe. Pulogalamu ikangobwerera mwakale, tikupita kwa abale ako."

Miyezi inadutsa, pulogalamu osabwerera. Telala ndiye ankagula chakudya, kusita malaya, kupereka ya minibasi kuti mwamunayo akafune otsatsa malonda amene sankapezeka. Msana unkamupweteka. Mawu okoma aja ankawamvabe, koma ngati mmene munthu amamvera mvula padenga, kumva osadzuka.

Lamlungu lokha ndi limene linkamubwezera mtima. Bambo Zakale ankachoka m'mawa, ati kukakonza nyimbo, ndipo ankabwera madzulo. Foni sankayankha, pakuti munthu ali pa maikolofoni sayankha foni. Koma uthenga sunkalephera: "Yotsatirayi ndi yako, kasingano." Ndipo yotsatirayo inkakhaladi yake.

Lamlungu lina kunacha bwino, koma pofika masana mvula inatsika ngati yachita kutumidwa. Madzi anadzaza ngalande mpaka kulowa pakhonde la shopu. Telala anatsegula wailesi, akudandaula kuti mwamunayo wapita wopanda ambulera.

"Moni nonse amene mwabisala m'mithunzi masana ano, dzuwa likuswa mtengo chonchi," anatero mawu aja.

Telala anayang'ana panja. Anadziuza kuti mwina situdiyo ilibe mawindo. Nyimbo itatha, mawu anabweranso, kunena kuti akusuzumira pawindo ndipo kumwamba kuli mbee, amayi ayanike zovala mosaopa. Nthawi yomweyo foni inalira: "Yotsatirayi ndi yako, kasingano."

Anavala nsapato zapulasitiki, natenga maambulera awiri.

Pageti la wailesi anapeza mlonda atadzipanikiza m'kanyumba kake, akumvera ulaliki wa wailesi ina. Telala atanena amene akumufuna, mlondayo anaseka mwaulemu.

"Mkatimo mulibe munthu, mayi. Lamlungu imaimba ndi kompyuta. Bambo Zakale amajambuliratu Lachinayi, n'kumapita."

Telala anafunsa kuti zimenezi zinayamba liti. Mlonda anati kuyambira pomwe pulogalamuyo anaikankhira ku Lamlungu. Mabwana anati sangayatse situdiyo tsiku lopuma chifukwa cha nyimbo za okalamba.

"Inu ndinu mlongo wawo?"

Telala anagwedeza mutu, osadziwa yekha ngati wavomera kapena wakana. Mlondayo anaona ngati wavomera, ndipo anamasuka. Anati banja lonse liyenera kuthokoza, chifukwa achimwene awowo mavuto awathera. Mwezi wamawa akusamukira ku wailesi yaikulu ya achinyamata, kukayendetsa pulogalamu ya m'mawa ya zovinavina, ndipo akuti dzina lomwe asintha. Awakokera kumeneko ndi madamu amene amayang'anira mapulogalamu, aja amabwera pa galimoto yoyera kudzawatenga akamaliza kujambula.

"Amayenerana bwino," anatero mlonda. "Mukawaona mudzanena nokha."

Telala anaimba foni ali pomwepo. Sinayankhidwe. Panabwera uthenga: "Ndili pa maikolofoni, wokondedwa. Ukumvera?"

Iye analemba: "Ndili pageti la wailesi. Ndakubweretserani ambulera, dzuwa lanulo lingakunyowetseni."

Kenako foni inalira. Kumbuyo kwa mawu a mwamunayo kunkamveka mbale ndi masupuni, komanso ng'oma ija ikugunda chapansipansi.

"Kasingano, mvetsera. Ndimafuna ndikuuze zonse zikatheka. Zakale sizidyetsa munthu. Mzinda wonse ukufuna kuvina, ndiye ine ndekha nditani? Ndikuchitira ife."

"Ife angati?"

"Usatero. Amene wakuuza za madamu aja sakudziwa kanthu. Ndi za ntchito chabe."

Apo mawu a mkazi anamveka chapafupi, ofewa, a munthu amene ali pakhomo pake, kufunsa kuti akulankhula ndi ndani chakudya chikuzizira. Bambo Zakale anatseka foni ndi chikhatho, koma zala zake zinali zowonda.

"Ndi telala uja, wokondedwa. Akufunsa za muyeso."

Telala anadula foni. Sanalire. Anamuthokoza mlonda, n'kumusiyira ambulera winayo, pakuti kanyumbako kankadontha.

Atafika kushopu anapeza mkulu wake akukankha madzi pakhonde ndi tsache. Mkuluyo anamuyang'ana kumaso kamodzi kokha. Sananenenso kuti ndinakuuza. Anangotsamiritsa tsache pakhoma n'kumutsatira m'kachipinda.

Wailesi inali ikadali yotsegula. Bambo Zakale anali kutsanzika, kuuza omvera kuti akonde amene amawakonda ndipo asaiwale zakale. Mkulu uja anatambasula dzanja kuti aitseke.

"Isiyeni, achemwali. Nyimbozo sizinandilakwire."

Anasolola chikwama pansi pa bedi. Analongedza malaya onse amene anawasita ndi manja ake, mabuluku, nsapato, lumo lometera, ndi katoni ya makaseti imene mwamunayo ankati ndi moyo wake. Pa makina panali jekete yatsopano imene ankamusokera, imene anati ndi yokaonekera kwa otsatsa malonda. Inali itatsala mkono umodzi.

"Umaliza?" anafunsa mkulu wake.

"Akamalize wa galimoto yoyera."

Anaipinda momwemo, mapini ali pomwepo, mkono wotsalawo n'kuuika pamwamba. Zipi inavuta, mkulu wake anakhalira chikwamacho mpaka inatseka. Anachinyamula awiri, n'kuchiika pakhonde, pakona pamene mvula sinkafika. Kenako telala analowa, nakhoma chitseko, kiyi n'kumusiya m'bowo momwemo chamkati.