Phwetekere wa ku Mars

Subira amakhala ku Nkopola, pafupi ndi nyanja. Subira ankafuna kumanga mudzi ku Mars.

Mars ndi dziko lina, lakutali kumwamba. Aphunzitsi anati dothi lake ndi lofiira. Anati madzi ake ndi oundana, ndipo ali pansi pa nthaka. Anatinso mwina ndi amchere.

Tsiku limenelo aphunzitsi anapatsa mwana aliyense mbande ya phwetekere.

Kuseri kwa nyumba ya kwawo kunali chulu chofiira. Subira anachiyang'ana. Anachizungulira. Anachizunguliranso.

"Apa ndi pa Mars," anatero.

Anakumba kadzenje. Anabzala mbande yake. Kenaka anatenga chigubu, ulendo wa kunyanja.

Mchimwene wake wamkulu, Bilal, ankasoka ukonde pakhonde.

"Ukupita kuti, iwe?" anafunsa Bilal.

"Kukatunga madzi a ku Mars."

Bilal anaseka. "Ku Mars kuli nyanja? Uku ndi kubera, chemwali."

Subira anaima. Achimwene ankanena zoona. Ku Mars kulibe nyanja.

Kumapeto kwa mudzi kunali mjigo wakale. Anthu anausiya chifukwa madzi ake ndi amchere. Subira anathamangira komweko. Anapopa, anapopa, chigubu chinadzaza.

Anathirira mbande m'mawa. Anathiriranso madzulo. Tsiku lina masamba anafota. Tsiku linalo mbande inawerama.

Subira sanakhazikike. Anapita pachulu. Anabwerera pakhonde. Anapitanso pachulu.

"Khala pansi, ukundizunguza mutu," anatero mayi ake, mayi Abiba.

"Amama, mbande yanga ikufa."

"Bweretsa madziwo ndione."

Amama anathira madziwo m'beseni. Anatenga sopo n'kutikita. Anatikita, anatikita. Thovu silinabwere.

"Waona?" anatero amama. "Madzi okana sopo, ngakhale nyemba sizipsa nawo. Katunge kunyanja."

"Ayi, amama. Ku Mars kulibe nyanja."

"Ndiye mudzi wakowo anthu ake azimwa chiyani?"

Subira anakhala pansi. Anadzuka. Anakhalanso.

Amama amagulitsa chinangwa chophika pamsewu. Masana amenewo anateleka mphika. Anathiramo mchere dzanja lodzaza. Chinangwa chitapsa, anavundukula. Madontho a pachivundikiro anagwera m'mbale.

Subira anali ndi njala. Anaviika chala m'madonthomo. Ananyambita. Anaviikanso.

"Amama, mwaiwala mchere."

"Ine kuiwala mchere? Talawa chinangwachi."

Subira analawa. Chinangwa chinali ndi mchere. Madontho analibe.

"Mchere watsala mumphika," anatero Subira. "Madzi okha ndi amene akwera. Amama, tiphike madzi a pamjigo!"

"Ndi nkhuni za yani?" anafunsa amama.

Bilal anasekanso. "Ku Mars kulibenso nkhuni."

"Koma dzuwa liliko, achimwene," anatero Subira.

Bilal anasiya kuseka. Anaika ukonde pansi.

Subira anathira madzi amchere m'beseni. Pakati anaikapo kapu yopanda kanthu. Bilal anabweretsa pulasitiki yoonekera mkati. Anavundikira beseni n'kumanga ndi chingwe cha ukonde. Pamwamba anaika kamwala, kulunjika pa kapu.

Dzuwa la ku Mangochi linawomba.

Subira anasuzumira. Palibe kanthu. Anazungulira nyumba. Anasuzumiranso. Pulasitiki inayamba kuchita thukuta. Dontho linatsetsereka. Linafika pansi pa kamwala. Tho! Linagwera m'kapu. Linabwera lina. Tho!

Madzi sanachuluke. Sanafike ndi theka lomwe la kapu. Subira analawa pang'ono. Munalibe mchere.

Anayenda nawo pang'onopang'ono mpaka pachulu. Anathirira patsinde penipeni. Mawa lake anachita chimodzimodzi. Mkuja wakenso.

Masamba akale anauma ndithu. Koma pansonga panatuluka katsamba katsopano. Kanali kobiriwira.

Onse anabwera kudzaona. Ababa anagwada pafupi ndi chulu.

"Mashallah," anatero ababa, potamanda Mulungu. "Mudzi wayamba."

Bilal anakanda mutu. "Chemwali, kodi ku Mars kwanuko malo anga alipo?"

Subira anamwetulira.

"Alipo, achimwene. Koma mubwere ndi beseni lanu."