Mtima wa a Gelesomu Ukugundabe

M'botolo lagalasi, mkati mwa makina amene anthu a ku Zomba adawatcha Thadzi, mtima unkagunda osapumira. Thadzi ankafungatira ziwalo. Ukampatsa kachidutswa ka khungu lako, ankakamwetsa madzi ofunda a mchere ndi shuga, ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi unkapeza impso kapena mtima watsopano, wakowako. Kadiso ka pamwamba pake kankaonetsa pakhoma mtsempha uliwonse ukukula.

Mtima uwu udali wa a Gelesomu. Koma eniakewo sadaudikire, adagwa m'munda kutatsala sabata ziwiri zokha. Adaikidwa, zaka zitatu n'kudutsa, mtima ukugundabe.

Tsiku lina mkazi wawo Esinala adafika ku labotale ndi a Zakeyu, mng'ono wa malemuwo.

"Alamu, ndisudzuleni," adatero Esinala. "Zovala zakudazi zandiolera pathupi. Ndikufuna kubwerera kwathu ku Ntcheu."

"Iyayi, mlamu," adayankha a Zakeyu, akuloza botolo. "Timasudzula mkazi wa munthu wakufa. Nanga awa afa? Taonani nokha. Achimwene tidangowaika theka."

Esinala adatembenukira kwa a Msukwa, woyang'anira makinawo. "Ndiye thimitsani, bambo. Tikauike pamanda pomwepo."

"Mayi, Thadzi samvera ine," adatero a Msukwa. "Adamupanga kuti asathime popanda chidindo cha chala cha mwini chiwalo, kuopa akuba. Chalacho chili m'manda."

"Nanga magetsi akathima?"

"Amadya dzuwa ameneyu. Mtima wongokhala chonchi ungagunde zaka makumi asanu ndi atatu."

Kalanga ine! Esinala adali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. Mantha adamugwira.

"Njira ilipo imodzi," a Msukwa adapitiriza. "Thadzi amatsegukira wodwala amene magazi ake agwirizana ndi chiwalocho. Kuchipatala kuli mphunzitsi wina wodwala mtima, ndipo magazi ake agwirizana."

Nkhope ya Esinala idawala. A Zakeyu nawo adavula chipewa, naganiza, namwetulira, abale inu, ndi mtima woyera ndithu.

"Zabwinotu zimenezo! Mtima wa achimwene ukalowa mwa mphunzitsiyo, ndiye kuti amuna anu adzuka. Mudzapita kwa iyeyo, mlamu."

Esinala adakhala pansi pa simenti, maso ali pa botolo. Tsiku la ukwati adalonjeza kuti imfa yokha ndiyo idzawalekanitse. Sadadziwe kuti tsiku lina adzaipempha imfayo, anthu n'kumumana.