Diso Lamanja la Wokonza Mawotchi

Madzulo amenewo wokonza mawotchi anafika pakhomo atakumbatira kabokosi kathabwa. Mkazi wake anangopukusa mutu.

"Mwatolanso chiyani, bambo? Masikelo, makampasi, lero ichi. Ife tizigona pakhonde?"

"Ndi maikulosikopu, mayi, makina oonera tizinthu tosaoneka ndi maso. Amkuwa weniweni! Anali a mkulu wina woyeza magazi. Anatisiya kale, ana ake amafuna kutaya."

Anawaika patebulo lake lantchito. M'makinamo munali mutatsala kagalasi kokhala ndi dontho louma. Anasuzumira ndi diso lamanja, diso lomwe linkadyetsa banja lonse. Anangoona chifunga. Paja aliyense ali ndi kaonedwe kake, choncho anapotokola kagudumu ka pambali mpaka timadontho tofiira tinaoneka bwino.

M'mawa anapezanso chifunga. Kagudumu kanali katabwerera pakale. Anakonza. Mawa lake chimodzimodzi.

"Ndinu mukugwiragwira?" anatero pofunsa mkazi wake.

"Ine? Ndi fumbi lomwe sindipukutamo m'menemo."

Usiku wachinayi anazimitsa getsi n'kukhala pakona. Mawotchi a anthu ankagunda pakhoma, iliyonse nthawi yake. Kenako mpando unalira ngati wina wakhalapo. Kagudumu kanayamba kuyenda. Kwii. Kwii. Mosapupuluma, dzanja lodziwa ntchito. Kanaima. Wina anausa moyo, monga amachitira munthu amene waona zotsatira zoipa ndipo akuganiza za kauzidwe kake kwa wodwala.

Atayatsa getsi, pampando panalibe munthu. Pamkuwa panali kanthunzi ka mpweya.

Akanangotuluka n'kukhoma chitseko. Koma munthu wokonda zinthu zakale chidwi chimamuposa. Anawerama n'kuika diso, osakhudza kagudumu.

Munalibe chifunga. Zonse zinali mbee.

Kutacha anatsegula wotchi ya kasitomala. Timano ta m'kati tinkangosambira m'chifunga. Anatikita diso, anapukuta galasi lake lantchito, ayi ndithu. Kuchipatala anamuyeza kawiri, anati diso lili bwinobwino.

Masiku ano akuphunzira ntchito ndi diso lamanzere, ngati woyamba kumene. Tizitsulo timamupulumuka. Lamanja lija limaona malo amodzi okha, m'makina aja.

Anzake otolera zakale amati makina a malemu sapotokolapotokola, umangopukuta n'kusiya. Koma oyandikana nawo nyumba amanong'ona zina. Amati malemu mwini makinawo anatopa kukonza kagudumu usiku uliwonse, ndiye anangokonza munthuyo.