Nthungululu ya Ba Luse

Inu mumati akufa sadziwa za makompyuta? Khalani pansi ndikuuzeni.

Ine ndine Nasser, ndimapanga nyimbo ku komboni ya Mtendere. Situdiyo yanga ndi kachipinda kuseri kwa shopu ya utelala ya bambo anga, ndipo m'makoma ndinamata mathireyi a mazira kuti phokoso la kumsika lisalowe. Ntchito yanga yeniyeni ndi kutola mawu. Hutala ya minibasi, nyundo ya osula mbaula, chivindikiro cha poto chikagwa, zonsezi ndimajambula pa foni n'kuzidula tizidutswa timene timati masampulo. Sampulo iliyonse ndimaipatsa batani lake pa kiyibodi. Ukadina apa, hutala yalira. Ukadina apo, nyundo. Basi nyimbo yayambika.

Matenda anga ndi amodzi, ndipo sindikana: ulesi wotcha mafayilo mayina. Mu kompyuta yanga muli "chatsopano", "chatsopano 2", "ichi ndiye chenicheni", ndi ena mazanamazana otere.

Tsono pakona ya msewu wathu panali mayi wina wogulitsa vitumbuwa, Ba Luse. Mayi ameneyu anali ndi nthungululu, abale! Akalulutira pa ukwati ku Mtendere, agalu a ku komboni ina ya Kalingalinga ankayankha. Zaka zitatu zapitazo ndinawapempha kuti ndiwajambule. Linali tsiku lomwe ndinkajambula kulira kwa mbuzi za pa chikondwerero cha Idi, ndiye foni inali kale m'manja. Analulutira kamodzi kokha, n'kundiloza ndi chipande chokazingira.

"Iwe Nasser, mau yanga si yoseweletsa. Uyasunge, uzayalize pa ukwati wa mwana wanga Marjory. Ukaniimbitsa monga chule, nizakubwelela."

Tinaseka tonse. Chaka chatha Ba Luse anatisiya.

Lachisanu lina madzulo, mawa lake kuli ukwati, Marjory mwana wawo uja anafika ku situdiyo, mutu atakulunga duku kuti tsitsi la ukwati lisawonongeke. Nyimbo yolowera mu holo ndinali nditamupangira kale. Chotsala chinali chimodzi.

"Ba Nasser, mailo polowa nifuna bamayo anilandile," anatero. "Nyimbo olo ikhale bwanji, ine nifuna chabe mau yao. Muli nayo, ka?"

"Nili nayo, osada nkhawa."

Sindinaname kwenikweni. Ndinali nayo, koma pamene inali sindinkadziwa.

Magetsi anabwera cha m'ma 11 usiku, monga amachitira masiku ano, ndipo ndinayamba kusaka. Ndinatsegula fayilo ndi fayilo. Mwana akulira. Njinga. Ine ndikuyetsemula. Thukuta linayamba kutuluka. Cha m'ma 1 koloko ndinatsegula foda ya nyama, mwina mwamwayi. Mbuzi 1, mbuzi. Mbuzi 2, mbuzi. Mbuzi 3, mbuzi yomweyo. Nditadina "mbuzi 4", chipinda chonse chinadzaza ndi nthungululu. Ndi iwo! Masekondi anayi okha, koma ndi iwo. Ndinaseka ndekha mpaka misozi, dzina lija osalisintha.

Apa mumvetse pang'ono za ntchito yathu. Sampulo iliyonse ili ndi batani la kwawo, pamene imalira ndendende mmene unaijambulira. Ukaisunthira kumanja mawu amaonda ngati a khoswe, ukaisunthira kumanzere amanenepa. Vuto linali lakuti mawu a Ba Luse anali pamwamba, nyimbo yanga ili pansi, ndipo sizinkagwirizana. Njira zinali ziwiri: kukweza zoimbira zonse chimodzichimodzi, ntchito ya usiku wonse, kapena kungowatsitsa iwo mabatani anayi kumanzere. Mukundidziwa kale. Ndinawatsitsa.

Nditadina, anamveka ngati mwamuna wa chimfine. Ndinakanda m'mutu, n'kuti, aa, mu holo mumakhala phokoso, adzadziwa ndani?

Go! Go! Go!

Wina ankagogoda pachitseko. Ndinachotsa mahedifoni. Kunja kunali zii. Nyimbo za kubala la mowa la kuseri zinali zitasiya, agalu nawo osauwa. Ku Mtendere, Lachisanu usiku, kukhale chete? Sizichitika.

"Ndani?"

Kenako fungo linalowa pansi pa chitseko. Mafuta otentha, ndi vitumbuwa vongotuluka m'chiwaya.

Go! Go! Go!

Sindidziwa chimene chinandituma, koma ndinatsegula pang'ono. Pakhomo panalibe munthu. Koma cha pampopi, pamene babu la panja silifika bwino, panaima mayi wamfupi wonenepa, atavala chitenge, beseni lili pamutu. Anali atandifulatira. Sanatembenuke.

"Iwe Nasser."

Anali mawu a Ba Luse.

"Nine mbuzi ine?"

"Awe, mama," ndinatero, mawu akutuluka ngati a sampulo yosunthidwira kumanja.

"Nibweze pamalo panga. Mwana wanga azaniziba bwanji?"

Sanakalipe ayi. Anafunsa motsitsa, ngati mayi amene watopa kuyenda. Mantha ndinali nawo, koma chimene chinandilasa kwambiri ndi manyazi.

Ndinatseka chitseko, loko, mpando pamwamba. Ndinawerenga maduwa, mapemphero onse amene ndinaphunzira ku madrasa, mpaka ya pachakudya yomwe. Nditayang'ana pansi pa chitseko, pamene kuwala kwa babu kumalowera, ndinaona mthunzi wa mapazi awiri. Anali atasendera. Ankadikira.

Choyamba ndinafufuta "mbuzi 4" n'kulemba "Ba Luse, amake Marjory". Kenako ndinawabwezera pa batani la kwawo. Ndiye ndinayamba ntchito imene ndinkaithawa ija. Besi ndinaikweza. Gitala ndinaikweza. Nyundo ya osula mbaula, hutala, mabotolo, masampulo makumi awiri ndi atatu, iliyonse kuisuntha ndi kuimvetsera kuti igwirizane ndi mawu awo. Nthawi ina ndinafuna kudumpha sampulo ya kabelu kena kosamveka bwino, ndikuti palibe angazindikire. Chitseko chinangoti go! kamodzi. Kabeluko ndinakakonza.

Pamene azana yoitanira mapemphero a m'mbandakucha inkamveka kumzikiti, ndinaliza nyimbo yonse pa masipika. Itafika pamalo pake, ndinadina batani lija, ndipo nthungululu inakwera pamwamba pa zonse, yoyera, yakuthwa, ya Ba Luse eniake. Ndinayang'ana pansi pa chitseko. Mthunzi unachoka, ndipo ndinamva mapatapata akuti phwa, phwa, phwa, kulowera kukona.

Kutacha ndinapeza pakhomo kapepala ka nyuzi konona mafuta, pali vitumbuwa viwiri vofunda. Sindinadye. Chabwino, ndinadya chimodzi.

Masana mu holo anthu anadzaza thothotho. Ndinakhala pakona ndi kompyuta ndi kiyibodi yanga, maso ali psuu. Nyimbo inayamba, anthu anaimirira, Marjory anaonekera pakhomo atagwira mkono wa mwamuna wake. Ankamwetulira, koma maso ake ankandifunafuna. Ndinadina batani.

Nthungululu inang'amba holo. Sekondi yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Ndinachotsa chala.

Sinasiye.

Ndinayang'ana pa kompyuta: sampulo yatha, kamzere kaima. Ndinakweza manja onse awiri m'mwamba ngati wogwidwa ndi apolisi. Koma mawu aja ankapitirirabe, akukwera, akugwedezeka, pamwamba pa mitu ya anthu, mpaka anathera m'kaphwete kaja kamene Ba Luse ankaseka akamaliza kululutira. Kaphweteko ine sindinakajambulepo.

Marjory anaima njii. Anagwira pachifuwa, misozi ili chuchuchu, n'kufuula, "Bamayo afika!" Kenako anakweza diresi pang'ono n'kulowa akuvina, akulira ndi kuseka pamodzi, ndipo amayi onse mu holo analulutira mpaka malata ananjenjemera. Inenso ndinalira, sindibisa.

Pambuyo pake anthu anayamba kunong'onezana. Ba Kasoma, amalume ake a mkwati, anati anali azakhali ena ochokera ku Kasama amene mawu awo amafanana ndi a malemu. Azakhaliwo analumbira kuti nthawi imeneyo kukamwa kwawo kunali nkhuku. Ena anati ndi masipika a mu holo amene amabweza mawu. Amayi a kumsika sanatsutsane ndi munthu. Anangoti mayi amene analulutira maukwati a ana onse a eni ake sakanalephera kufika pa wa mwana wake.

Ine sindiweruza. Chimene ndikudziwa n'chakuti mafayilo anga onse tsopano ali ndi mayina, ngakhale mbuzi zenizenizo. Batani lija ndinalipaka penti yofiira ya zikhadabo imene Marjory anandipatsa. Anyamata akabwera kudzajambula amalipeza, amadina, n'kuyamba kundinyengerera kuti ndiwatsitse pang'ono mayiwo alowe m'nyimbo yawo. Ndimawauza kuti asunthe nyimbo yawoyo. Ba Luse sasunthidwa.