Kiyi Wachiwiri wa Malemu Iosefa

Galimoto ya malemu Iosefa inayamba kutsokomola sabata yomwe anawaika m'manda. Inkaima pamalo pake pakale, pabwalo la nyumba yawo pa chilumba cha Savai'i, pambali penipeni pa manda awo a simenti. M'mawa injini inkanjenjemera ngati wodwala malungo, koma dzuwa likakwera inkalira bwinobwino.

Usiku wa Lolemba Peniamina, mng'ono wa malemu, anamva kanthu kakuthetheka pansi pa mkokomo wa mafunde: the, the, the. Lachiwiri anthu atatu anaona kamoto ka buluu kakuphethira kunsi kwa boneti. Pofika Lachinayi, banja linagwirizana zoikankhira kuphompho.

A Lafaele, makaniko yemwenso anali dikoni wa mpingo, anakana. Mayi Sina, mkazi wa malemu, ankapita kuchipatala Lachisanu lililonse kukasefetsa magazi, ndipo m'mudzimo munalibe galimoto ina.

"Mwini wake akuifuna," ananong'ona Peniamina.

"Iosefa ali moyo sankatha ngakhale kusintha tayala," anatero a Lafaele. "Zamagetsi waphunzira liti?"

Mapemphero a madzulo atatha, a Lafaele anawaimika onse mozungulira galimoto n'kulamula kuti nyali zonse zizimitsidwe. Mdima unagwira moti munthu sankaona dzanja lake. Analiza injini, nawaza timadzi pa makoyilo anayi amene amapereka moto ku mapulagi. Pa wachitatu kamoto kaja kanalumpha. Azimayi anabwerera m'mbuyo.

"Imani pomwepo, palibe wothawa."

Anazimitsa, nasinthanitsa koyiloyo ndi woyamba, nalizanso. Moto unasamukira pa malo oyambawo.

"Mwauona mzimu wanu, Peniamina? Ukulondola kachipangizo kong'aluka. Mame a mchere akalowa mu mng'alu, moto umathawira panja." Anaikapo koyilo watsopano, wakaleyo n'kumuponya pa manda. Injini inalira mosalala, ndipo anthu anabalalika akuseka mwamanyazi.

Mayi Sina okha anatsala.

"A dikoni, kachipangizo kameneka kangathetheke injini itazima?"

"Sikangatero, amayi."

"Kiyi wanga usiku amagona pakhosi panga." Anaonetsa kachingwe. "Winayo anali m'thumba la jekete limene tinawaveka bambo."

A Lafaele anayang'ana manda aja nthawi yaitali. Kenako anapukuta manja, napinda kansanza bwinobwino, nakhala pampando wa dalaivala.

"Kagoneni. Tinyamuka sikisi koloko. Ngati akuifuna, andipeza muno, apemphe mwaulemu."

Chakum'bandakucha, mphepo itasiya, pa manda panayamba: the, the, the. Kuwala kwa buluu kunkaphethira m'kagalasi koonera kumbuyo. A Lafaele sanacheuke. Anapotoza kagalasiko kuti kayang'ane kumwamba, nayatsa injini, naimba hutala kawiri kuti mayi Sina atuluke.