Ndani Wamwa Dziwe?

Diki anali ndi yaki yake, ng'ombe ya kumapiri ozizira. Dzina lake linali Nakpo. Nakpo anali wakuda bii, waubweya wautali. Diki ankamukonda kwambiri.

Koma Nakpo anali ndi vuto limodzi. Ankadya zovala.

Anadyapo sokosi ya Diki. Anadyapo mpango wa amayi. Chovala chikanunkha thukuta, Nakpo ankamva mchere. Akamva mchere, ankaiwala ulemu.

Nyengo yotentha, banja la Diki linkakhala kubusa, pamwamba pa phiri. Pafupi ndi kanyumba kawo panagona chimtsinje cha ayezi. Dzuwa likawala, ayeziyo ankasungunuka. Madzi ankasonkhana pamwamba pake. Anapanga dziwe labuluu, loyera bwino.

Tsiku lina amayi anatsikira kumudzi kukasiya batala. Diki anatsala ndi Amalume Nuru.

Amalume Nuru ankadziwa kuvina. Ankadziwanso kudzitama. Anali ndi thalauzi lofiira lovinira. Gule wa kumudzi anali atayandikira. Koma thalauzilo linali ndi dontho la batala kumbuyo.

"Kachapeni kumtsinje, amalume," anatero Diki.

"Madzi otuwa ngati phala aja?" anatero amalume. "Ayi, mwana iwe. Thalauzi ili ndi la madzi oyera."

Anakwera kudziwe kuja. Amalume anaviika thalauzi. Anatsindira mwendo umodzi ndi kamwala.

"Ligone m'madzi," anatero. "Mawa dontho litha."

M'mawa anapitanso. Anafika. Anaima. Anayang'ana.

Dziwe panalibe.

Thalauzi panalibe.

Panali chidzenje chamatope basi. M'mphepete mwake munaima Nakpo. Ankatafuna. Ankatafuna pang'onopang'ono.

"Mayo ine!" anakuwa amalume. "Wadya thalauzi langa!"

"Nanga dziwe, amalume?" anafunsa Diki.

"Wamwera! Munthu ungameze thalauzi popanda madzi?"

Diki anayang'ana mimba ya Nakpo. Inali mimba ya masiku onse.

"Dziwe lonse lingakwane umu, amalume?"

"Wakodza kale. Taona nkhope yake. Alibe ndi manyazi omwe!"

Nakpo anaphethira. Anapitiriza kutafuna.

"Basi, ndatopa naye," anatero amalume. "Mawa kudutsa wamalonda wa mchere. Amutenge. Akadye mathalauzi a kutsidya kwa phiri."

Kutsidya kwa phiri ndi kutali. Yaki ikapita kumeneko sibwerera.

Diki anatsegula kukamwa kwa Nakpo. Anasuzumira. Munali udzu. Munali malovu ambiri. Munalibe chofiira chilichonse.

Kenako anamva kaphokoso.

"Amalume, tangokhalani chete pang'ono."

Limeneli linali pempho lovuta. Koma amalume anayesetsa.

Khululu, khululu, khululu.

"Imeneyo ndi mimba yake," ananong'ona amalume. "Thalauzi langa likulira."

"Ayi, amalume. Phokosoli likuchokera pansi."

Diki anayang'ana m'chidzenje muja. Pansi penipeni panali mng'alu. Unali wakuda, wautali. Timadzi totsala tinkalowa mmenemo. Pamlomo pa mng'aluwo panakodwa kaulusi kofiira.

Diki anaponya phazi. Amalume anamugwira lamba msanga.

"Usayandikire! Mmenemo munthu amalowa osatuluka."

"Taonani, amalume. Ayezi wang'ambika. Madzi alowa pansi. Thalauzi lawatsatira."

Amalume anakanda mutu.

"Ulusi si thalauzi," anatero. "Mwina wachita kulavula."

"Madzi akalowa pansi, amatulukira kuti?"

"Kumunsi, kumene ayezi wathera. Ndani sadziwa?"

"Tiyeni tikaone."

Anatsika. Sanayende pa ayezi. Anadzera m'mbali, m'miyala. Diki anali patsogolo. Amalume anali pakati. Nakpo anali pambuyo, akununkhiza malaya a amalume.

Khululu, khululu, khululu. Phokoso linkatsika nawo.

Anafika kumene ayezi wathera. Pamenepo panali phanga. Madzi ankatuluka m'phangamo mothamanga. Anali ambiri kuposa dzulo. Anali otuwa ngati phala.

Pamwala panakhala amayi. Anali atangobwera kumene kuchokera kumudzi. M'manja anali ndi ndodo. Pandodo panalendewera chinthu chonyowa, cha miyendo iwiri.

"Achimwene!" anaitana amayi. "Muli moyo? Ine ndimati mwamira! Ndangoona thalauzi likusambira lokha, mwini wake palibe."

Diki analumpha. "Thalauzi! Amalume, thalauzi!"

Amalume analitenga. Analitembenuza. Silinali lofiira ayi. Linali lotuwa. M'matumba munadzaza mchenga. Mwendo umodzi unali utafupika.

Koma dontho la batala linalipobe.

"Munaliviika kudziwe lapamwamba?" anafunsa amayi.

"Kumtsinje kuno madzi ndi otuwa," anayankha amalume motsitsa mawu.

"Ndiye lachita kubwera lokha," anatero amayi. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Achimwene, mwaiwala? Dziwe la pa ayezi ndi mlendo. Madzi akachuluka amalemera. Akapeza kamng'alu amakakulitsa. Kenako onse amalowa, n'kudutsa pansi, n'kutulukira kuno."

"Ndimadziwa," anatero amalume. "Ndinangokwiya."

"Ndiye dziwe wamwa ndani, amalume?" anafunsa Diki.

"Ayezi."

"Nanga thalauzi anameza ndani?"

"Ayezi yemweyo. Basi, mwana iwe, wandipambana."

"Nanga wamalonda wa mchere?"

"Adutse yekha."

Diki anakumbatira khosi la Nakpo. Nkhope yake inalowa yonse mu ubweya.

"Pepesani kwa Nakpo, achimwene," anatero amayi. "Mwamunamizira mwana wa eni."

Amalume anatapa mchere m'kathumba ka amayi. Anawerama pamaso pa Nakpo. Anatambasula dzanja.

"Pepani, a Nakpo," anatero. "Ndinakulakwirani."

Nakpo ananyambita mchere. Ananyambita dzanja. Kenako ananunkhiza mutu wa amalume. Anakoka chipewa chawo. Anayamba kutafuna. Ankatafuna pang'onopang'ono.



Diki anayang'ana amalume.

"Amalume, kodi Nakpo apita?"

Amalume anagwira dazi lawo. Anapuma mozama.

"Sapita," anatero. "Chipewacho chimandithina kale."

Anabwerera kukanyumba. Amayi anakoleza moto wa ndowe zouma. Anaphika tiyi wa batala ndi mchere. Anawiritsa mbatata.

Thalauzi litauma, amalume analivala. Mwendo wina unafika m'kakolo. Wina unathera m'bondo. Amalume anayamba kuvina. Mchenga unkagwa m'matumba, waa, waa, waa.

"Kumudzi konse kulibe thalauzi lotere," anatero amalume. "Ndani wina ali ndi thalauzi lodutsa pansi pa ayezi?"

Amayi anaomba m'manja. Diki anaomba m'manja.

Nakpo analowetsa mutu pakhomo. Anayang'ana thalauzi lija. Analiyang'anitsitsa.

Diki anadzuka mwakachetechete n'kutseka chitseko.