Bedi Nambala 31

Pulogalamu yosunga mayina a odwala m'wodi ya abambo anailemba yekha, n'chifukwa chake anamwino ankangomutcha Wamakompyuta. Mkati mwake anaikamo chimene anzake a ntchitoyi amachitcha mapu: nambala ya bedi ndiye kiyi, ndipo kiyi aliyense amasunga wodwala mmodzi basi, dzina, zaka ndi mankhwala ake. Ukalemba wina pa kiyi yemweyo, woyambayo amafufutika mwakachetechete, popanda ndi chenjezo lomwe.

Lolemba m'mawa anapeza dzina lachilendo pa kiyi 4, chikhalirecho mwini bedi ali gone, akupuma bwinobwino. Anangoti namwino wina walakwitsa, nakonza. Usiku womwewo munthu uja anatsamira mkono. Kutacha anamwino anagonekapo wodwala watsopano, ndipo dzina lake linali lachilendo lija.

Lachitatu zinachitikanso pa kiyi 17. Anafufuza mzere ndi mzere mpaka maso kuwawa, koma ayi ndithu, palibe amene analowa m'pulogalamumo.

"Mwanawe, zisiye izi," namwino wamkulu anamunong'oneza. "Oyeretsa akuti magetsi akazima, kompyuta yakoyo imamveka ngati wina akulembapo. Ine sindinamve, ndipo sindikufuna kumva."

Akanazisiya, koma pabedi 9 panagona bambo ake omubala, amene ankamuitana kuti "mayi" kuyambira ali kamtsikana, ndi chifuwa chawo cholira ngati macheka.

Lachisanu sanaweruke. Anakhala mu ofesi yake yopanda zenera, kumvetsera mpope ukudontha ndi kubuula kwa wina kumapeto kwa khonde. Magetsi a m'wodi atangozima, dzina la bambo ake linachoka iye akuona, m'malo mwake munabwera lina. Analibwezera. Linachokanso.

Apo m'pamene inamufikira nzeru, ija amati nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi. Wodiyo inali ndi mabedi 30 okha. Anapanga kiyi watsopano, 31, nasamutsirapo bambo ake. Pa bedi loti kulibe, angagonekepo ndani?

Anapita kukawasuzumira mumdimamo.

"Ndiwe, mayi?" bambowo anafunsa motsitsa mawu. "Sunapitebe kunyumba?"

"Gonani, bambo. Ndakonza zonse."

M'bandakucha anapeza munthu wina pabedi 9. Nkhwaira za bambo ake zinali pansi pomwepo, zitayang'anizana monga ankazisiyira.

"Sanamwalire," anatero namwino wamkulu. "Kunyumba yachisoni ndapitako kawiri. Alonda akulumbira kuti sanatuluke munthu."

Wamakompyuta anayenda pang'onopang'ono pakati pa mabedi, akuwerenga chamumtima. 28, 29, 30. Kenako khoma. Wodiyo inali pamwamba penipeni pa nyumba ya chipatala, ndipo kuseri kwa khomalo kunalibe chipinda, kunali mphepo yokha. Anatsamiza khutu. Chifuwa chija chinamveka, chapafupi, ngati pabedi loyandikana.

Anathamangira ku ofesi kuti awabwezere. Anayang'ana mapu aja kuyambira pamwamba mpaka pansi, misozi ili chuchuchu. Makiyi onse 30 anali ndi eni ake, anthu amoyo, ena ankawapatsa moni tsiku lililonse. Ndipo iye ankadziwa bwino chimene chimamuonekera munthu ukalemba wina pamwamba pake.

Chala chake chinaima pa kiyi 12, pa mkulu wina amene sankabwererwa ndi wachibale aliyense. Anachichotsapo. Anachibwezerapo.

M'khoma la ofesiyo munamveka kukhosomola, kenako mawu otopa.

"Mayi, fulumira. Kuno kukuzizira."